Ndine mkamwini m'galimoto yanga yomwe

Pa 1 April 2025 madzi anakwera mtengo ku England ndi Wales. Banja wamba linayamba kulipira mapaundi 603 pachaka, kutanthauza kuti pa bilu yakale anaikapo mapaundi 123, m'dziko limene mvula imagwa popanda wothira nsembe. Bungwe la Ofwat, loyang'anira makampani a madzi, linali litavomereza kale mu December 2024 kuti mabilu akwere ndi 36 peresenti pa zaka zisanu. Tsoka langa ndi lakuti alandilodi anga kuno ku Bristol amawerenga nyuzipepala. Atangoona nkhaniyo anakweza lendi ya kachipinda kanga ndi ndalama yoti n'kusambitsa mpingo wonse ndi alendo omwe, n'kunena kuti ndi madzi.

Ine masamu ndinasiyira panjira, koma owerengera mavuto ndimawatha. Ndinaona kuti munthu wopanda nyumba alibe lendi, ndipo wopanda mpopi wa kampani alibe bilu. Ndiye ndinagula camper van, galimoto yakale yokhala ndi bedi, kambaula ka gasi, kasinki, kachimbudzi ndi thanki ya madzi. Musandiseke. Mumzinda uno ogona m'magalimoto tilipo mazanamazana, ndipo ambiri timadzuka m'mawa kupita kuntchito titapesa bwinobwino.

Wogulitsa uja anandionetsa injini, matayala, ndi pepala la MOT lotsimikizira kuti galimotoyo n'njoyenera kuyenda pamsewu. Chimene sanandiuze ndi chakuti m'galimotomo muli kale eni mudzi. Pansi pa bedi, kuseri kwa kachitseko, mumakhala pampu ya madzi ya 12V, kanthu koti mutha kukanyamula ndi dzanja limodzi. Ine ndimawatchula kuti Apongozi.

Sindinawapatse dzinali mwachipongwe. Ndinakwatira chikamwini, zizindikiro ndimazidziwa. Ukafuna kulankhula nawo umayamba wagwada. Kuwayang'ana kumaso sikutheka, pakuti kachitsekoko n'kakang'ono, umalowetsa mutu chammbali tochi ili pakamwa. Iwo salankhula nawe mwachindunji, amangong'ung'udza mokweza kuti apanjira amve. Ndipo unganyansidwe nawo bwanji, popanda iwo tiyi sumwa.

Masana ndinkapirira. Ukatsegula mpopi galimoto yonse inkanjenjemera, drrrr, masupuni n'kumavina m'dirowa. Koma usiku, mipopi yonse ili chitsekere, munthu uli m'tulo tofa nato, Apongozi ankakhosomola. Drrt. Kamodzi kokha, n'kukhala chete. Ukati uyambirenso tulo, drrt.

Mayi akunyumba anatsala kumudzi, poti lamulo la March 2024 linatiletsa ife obwera kumene kudzasamalira okalamba kubwera ndi mabanja. Timalankhulana pa WhatsApp usiku ndikaweruka. Tsiku lina tili mkati mokambirana za feteleza, Apongozi anakhosomola.

"Abambo, ndani akuliza mkonono kumeneko?"

"Ndi pampu, amayi."

"Pampu yake iti yodzuka usiku? Tatembenuzani foniyo ndione."

Ndinaonetsa bedi, ndinaonetsa sinki, ndinatsegula ndi kachimbudzi komwe. Kenako ndinagwada n'kuunika kukachitseko kuja.

"Oho," anatero. "Ndiye mumachita kubisa pansi pa bedi."

Apa ndinadziwa kuti banja lili pangozi, ndipo ndinayamba kuphunzira khalidwe la Apongozi. M'mimba mwawo muli kamota kokankha kalabala uku ndi uku, ndipo pamutu pawo pali switch yomvera mphamvu ya madzi m'mapaipi. Ukatsegula mpopi mphamvuyo imatsika, iwo n'kudzuka. Ukatseka imakwera, pa mapampu ambiri mpaka cha m'ma 1.4 kapena 2 bar, iwo n'kugona. Maso alibe. Sadziwa ngati madzi atuluka chifukwa mkamwini akutsuka mbale kapena chifukwa penapake pakudontha. Akangomva kuti m'paipi mwapepuka, amalankhula.

Ndinayamba ndi chiphokoso cha masana. Pampu imabwera ndi timiyendo talabala toti tizimeza kunjenjemera, koma amene anaika Apongozi anamanga ma screw ndi mkwiyo wonse wa makolo ake mpaka timiyendoto tinaphwatalala. Thabwa limene anawakhomerapo ndi lopyapyala, kumbuyo kwake kuli mphako, ndiye linkagwira ntchito ya ng'oma. Mapaipi olimba a 12 mm aja anawalumikiza mwachindunji kukamwa kwa pampu, moti iwo akanjenjemera paipi inkatenga uthengawo n'kukagogoda kabati iliyonse mpaka kukhomo. Mankhwala ake si odula. Umamasula ma screw pang'ono, pansi umayalapo labala wochindikala, ndipo mbali zonse ziwiri umaikako kapaipi kofewa kokhotakhota kuti kunjenjemera kuthere mmenemo. Pamene paipi ikukhudza thabwa ndinakulungapo malekeni a chubu cha njinga, nzeru ya kwathu imene azungu sanaitulukirebe. Udindo woyamba wa mkamwini ndi kumanga nyumba, ndipo ndinawamangira Apongozi yawo, yoyala mphasa.

Anachepetsa mawu masana. Koma anayamba kulavula. Ukatsegula mpopi kunkabwera mpweya, fyuu, kenako madzi okumenya pamimba, iwo akulira kosalekeza. Pampu ikamatero ndiye kuti ikukoka mpweya kumbali yochokera kuthanki. Pamenepo pamakhala kasefa m'kachibekete koonekera mkati. Nditakamasula ndinapezamo timapulasitiki totsalira pamene ankaboola thanki, ndere, ndi china chakuda chimene sindinafune kuchidziwa dzina. Nditaunika tochi kumbuyo kwa kachibeketeko ndinaona mng'alu woti ndi maso okha sungauone. Madzi akaundana nyengo yozizira amafufuma n'kung'amba pulasitiki, ndiye pamng'alupo sipadontha kwenikweni, pamangolowa mpweya. Ndinagula kena, n'kuika ndi kalabala kozungulira katsopano.

Mukakwatira m'mudzi simukwatira munthu mmodzi. Pali Alamu, valavu ya pathanki yotenthetsera madzi, amene kukazizira kufika pa madigiri atatu amatseguka okha n'kukhuthulira madzi onse pamsewu, ati kuteteza thankiyo kuti isaphulike. Nzeru ndi yabwino, koma sauza munthu. Apongozi akamva kuti madzi akuthawa amayamba kupopa ndi mtima wonse, Alamu akutaya, iwo akupopa, mpaka thanki gwa, m'mawa iwe n'kusukusula ndi madzi a m'botolo. Palinso Amalume, batire ya m'nyumba, amene dzuwa la dziko lino likakana kuwala pa solar amafooka. Zikatero Apongozi amabuula pang'onopang'ono mawu okoka, ngakhale mwana angamve kuti akunena kuti mkamwini wa pano salima.

Ndiye panali chibwibwi. Ukatsegula mpopi pang'ono kuti utsuke mano osawononga madzi, pampu imapopa ochuluka kuposa amene akutuluka, mphamvu imakwera n'kuzima, imatsika n'kuyaka, dr-dr-dr-dr, mpaka mswachi kugwa. Ena amapotokola ka screw ka pa switch ija, koma ine kugwira Apongozi pamutu ndinaopa. Ndinagula chimene amati accumulator, kathanki kokhala ndi kalabala pakati, mbali ina madzi mbali ina mpweya, ndipo kali ndi valavu yonga ya tayala yopopera ndi pampu ya njinga. Kamaikidwa pakati pa pampu ndi mipopi. Ukafuna madzi ochepa kamakupatsa kokha, nkhani osafika kwa akuluakulu. Ukafuna ambiri m'pamene kamakagogoda. Ameneyu ndi nkhoswe, ndipo ndikanadziwa kuti ankhoswe amagulidwa m'sitolo ndikanasunga nkhuku zambiri m'moyo wanga.

Nyumba ndamanga, sefa ndasintha, ankhoswe ndaika. Usiku, drrt. Ankhoswe anangotalikitsa nthawi, chifuwa chinali chikhalirebe.

Mzungu wa galimoto yoyandikana nane, kalipentala wodziwa zinthu, anandimvetsera n'kuseka. Anati pakhoma pali batani lozimitsira pampu, ndizilidina pogona, aliyense amatero. Ndinamuyang'ana ndi chisoni. Anthu awa sanaleredwe. Apongozi n'kuwazimitsa? Komabe ndinadina, ndipo ndinagona tulo tabwino kwambiri chibwerereni ku Ulaya, ngakhale ndinalota ndikuitanidwa kubwalo. Kutacha iye yemweyo anandiuza kuti batanilo n'logonera chabe. Pampu yokhosomola mipopi ili yotseka ndiye kuti madzi akuthawira penapake, kaya panja kudzera polumikizira, kaya akubwerera kuthanki chifukwa kamchenga katsekereza valavu ya mkati mwa pampu. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Ukatseka paipi potulukira pa pampu penipeni koma iyo n'kumakhosomolabe, matenda ali m'mimba mwake. Ikakhala chete, funafuna dontho.

Nditatseka paipiyo, Apongozi anakhala chete. Ndiye ndinatenga tishu n'kuyala pansi pa cholumikizira chilichonse, ndikukwawa m'galimoto monse, munthu wa ana ake. M'mawa tishu yense anali wouma kupatula kachidutswa kamodzi kuseri kwa chimbudzi. Paipi anaidula mopendama ndipo sinalowe mpaka kumapeto kwa cholumikizira. Dontho limodzi, lina n'kudzabwera munthu utaiwala. Nditakanikiza chala pathabwa la pansi pake, chinalowa. Linali litada n'kufewa, likununkha chinyontho. Ndinadula paipiyo mowongoka, n'kuikankha mpaka inamveka kuti yafika.

Apa ndiye nthabwala ndiziike kaye pambali. Kapampu aka sikagona chifukwa cha dontho limodzi. Mapaipi a makampani a madzi a England ndi Wales amataya malita pafupifupi 3 biliyoni tsiku lililonse, gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi amene amalowamo. Makampaniwa anaperekedwa m'manja mwa anthu a bizinesi mu 1989, nthawi ya Margaret Thatcher, ndipo zaka zonsezi eni masheya akhala akulandira zawo. Lero akuti ndalama zokonzera mapaipi zichoke m'thumba mwa nesi, woyendetsa basi ndi agogo amene ndimawasambitsa m'mawa uliwonse. Kukonza n'kofunika, sindikana. Koma amene anadina batani n'kugona zaka makumi atatu thabwa likuwola ndiye ayambe kupisa m'thumba, asanafike kwa ife.

Zanga zinatha bwino, kapena ndinkaganiza choncho. Ndinaimba kumudzi mokondwa.

"Amayi, Apongozi aja ndawatseka pakamwa."

Sindinadziwe kuti foni inali pa loudspeaker, ndiponso kuti apongozi enieni anali pomwepo akusenda mtedza. Nkhani inafika kwa ankhoswe dzuwa lisanalowe, ankhoswe a magazi, osapopedwa ndi pampu ya njinga. Ndinayesa kufotokoza za switch ndi 2 bar, koma malume a mayi akunyumba anati zachizungu ndisiye, ndiyankhe funso limodzi: kodi ndi zoona kuti amene ndimawatchula apongozi ndimawasunga pansi pa bedi, ndipo usiku ndimawazimitsa? Ndinati ndi zoona, koma. Anati "koma" ndidzanenera pabwalo.

Chigamulo chatuluka. Mbuzi imodzi, chitenje, ndi shuga. Apongozi eniake akuti alibe nane mangawa, ndine mwana. Angopempha kuti pobwera pa December ndidzatenge mnzawoyo m'chikwama, akufuna adzamve okha ngati mawu ake akufanana ndi awo.