Mmisiri wa Loweruka ndi Katundu Wake

Mmisiri wa Loweruka ndi munthu amene amagwira ntchito ina kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, koma kumapeto kwa sabata amakhala patebulo lodzaza mawaya n'kumakonza zinthu zamagetsi zomwe palibe wamupempha kuti akonze. Amisiri otere ngochuluka ku Britain, ku Germany ndi ku America, kumene makompyuta a zaka za m'ma 1980 adakasungidwabe m'magalaja. Kuno kwathu ngowerengeka, ndipo mlembi wa nkhani ino ali m'chiwerengerocho. Chizindikiro chachikulu cha mtundu umenewu wa anthu n'chakuti amagula zipangizo mofulumira kuposa mmene amazigwiritsira ntchito.

Chipangizo choyamba ndi soldering iron, kachitsulo kowotcherera mawaya. Mtovu wowotcherera wa magawo 63 a tini ndi 37 a mtovu weniweni umasungunuka pa madigiri 183, ndipo kachitsulo kotchipa ka pamsika kamafika pamenepo popanda kudandaula. Koma mmisiri akangomva za Hakko ya ku Japan kapena Weller, zimene zimabwera ndi kabokosi kosonyeza kutentha m'manambala, kachitsulo kakale kaja kamayamba kusenzetsedwa milandu yonse. Chatsopano chikafika, zowotcherera zimatulukabe zibuluma monga kale. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mmisiri amadziwa bwinobwino madigiri amene chibulumacho chapangikira.

Chachiwiri ndi multimeter, yoyezera mavolti komanso kuona ngati waya waduka mkati. Imodzi ndi yokwanira. Yachiwiri imagulidwa kuti itsimikize zonena za yoyamba, ndipo ziwirizo zikasemphana pamafunika yachitatu, kawirikawiri Fluke yachikasu, yodzakhala ngati nkhoswe pakati pa banja lokangana.

Pamwamba pa zonse pali oscilloscope, makina ojambula kayendedwe ka magetsi pasikirini. Ena amakonda zakale zolemera za Tektronix, kampani yomwe inayamba mu 1946 ku Oregon, ena amagula zopepuka za Rigol ya ku China. Makina ambiri otere ali ndi kachitsulo kakang'ono kutsogolo kotulutsa mafunde oyesera, obwereza ka 1,000 pa sekondi. M'nyumba ya mlembi, mafunde amenewa ndiwo okhawo amene makinawo anawayezapo. Alendo amaitanidwa kudzaona mzere wowalawo ukukwera ndi kutsika, amagwedeza mutu mwaulemu, kenako amafunsa ngati tiyi wapsa.

Zipangizo zonsezi zimafuna wodwala, ndipo apa ndi pamene makompyuta akale amalowera. Otchuka kwambiri ndi awiri, onse a mu 1982. Commodore 64 ya ku America ili ndi memori ya makilobaiti 64, moti chithunzi chimodzi cha paukwati chojambulidwa ndi foni ya lero sichingakwanemo. ZX Spectrum ya Clive Sinclair wa ku Britain ili ndi mabatani a labala ndipo inkagulitsidwa ndi makilobaiti 16 kapena 48. Mapulogalamu ake amakhala pa kaseti yofanana ndi ya nyimbo. Munthu amalemba LOAD, n'kuyatsa kasetiyo, kenako amamvetsera kulira kolasa m'makutu uku mizere yamitundumitundu ikuvina m'mphepete mwa sikirini kwa mphindi pafupifupi zisanu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kasetiyo ikakhala yotha, zimene munthu amaona pamapeto pa kudekhako ndi uthenga woti ayambirenso. Magetsi akathima pa mphindi yachinayi, zotsatira zake ndi zomwezo, kungoti uthengawo suonekanso.

Msika waukulu wa katunduyu ndi eBay, yomwe inayamba mu 1995. Wogulitsa akalemba kuti kompyutayo sanaiyese chifukwa chingwe chake chinasowa, munthu wanzeru amadziwa kuti anaiyesa ndipo zimene anaona sakufuna kuzikumbukira. Mmisiri wa Loweruka amaona mwayi. Pofuna kudzilimbitsa mtima amatchula Apple I, imene mu 1976 inkagulitsidwa pa madola 666.66 koma ina inagulidwa pa madola 905,000 mu 2014. Chimene satchula n'chakuti ma Apple I anapangidwa pafupifupi 200 okha, pamene ma Commodore 64 anagulitsidwa oposa 12 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo akudikira munthu wonga iyeyo.

Katundu aliyense amakhala ndi mitengo itatu: wa wogulitsa, wina wophatikiza mtengatenga ndi msonkho wa pachipata, ndi wina wotchulidwa kunyumba. Wachitatuwu ndiwo wotsika nthawi zonse. Funso limene limabwera ndi lodziwika: "Bambo a Chisomo, katoni iyi yachokeranso kuti?" Yankho lovomerezeka pakati pa amisiri ndi loti, "N'chakale ichi, mayi." Yankholi si bodza kwenikweni, poti chinthucho chinapangidwadi zaka zoposa 40 zapitazo.

Tsiku loyatsa koyamba lili ndi ngozi zake zodziwika. Makina a ku Britain amagwirizana ndi magetsi athu a mavolti 230 ndiponso soketi ya mano atatu, koma a ku America anapangidwira mavolti 120, ndipo akalumikizidwa mwachindunji amagwira ntchito kanthawi kochepa kwambiri. Mu BBC Micro ya mu 1981 muli timakapasita ta RIFA tomwe timang'aluka tikakalamba, n'kutulutsa utsi wonunkha umene umakhala m'makatani kwa masiku. Bokosi lamagetsi la Commodore 64 likakalamba limatha kupitirira mavolti 5 oyenera n'kuwotcha memori. M'makompyuta ena a Amiga, batire ya wotchi imachucha n'kudya tinjira ta kopa ta pabolodi.

Vuto lililonse mwa awa limabala chipangizo chatsopano. Kuchotsa kapasita kumafuna pampu yoyamwira mtovu. Kudziwa kapasita yofooka kumafuna mita yakeyake. Maso akatopa pamafunika galasi lokulitsira lokhala ndi nyale. Ndiye poti Spectrum imatumiza chithunzi kudzera pa chingwe cha eliyo, ndipo ma TV ambiri atsopano salandira bwino chithunzi chotere, mmisiri amagula TV yakale ya chimsana, imene nayo imafika ikudwala. Pulasitiki yomwe inachita chikasu amaipaka hydrogen peroxide n'kuyanika padzuwa kuti iyere, ndipo iyi ndiyo ntchito yokhayo imene kawirikawiri imatheka, chifukwa wogwira weniweni ndi dzuwa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, koma mmisiri akagwa amagwera pa makatoni ofewa.

Mmisiri wa Loweruka asasokonezedwe ndi wokonza mafoni wa mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe. Ameneyo ali ndi kachitsulo kowotcherera kamodzi, mita imodzi yomangidwa ndi selotepi, mswachi wakale ndi kabotolo ka sipiriti, koma pofika madzulo amakhala atadzutsa mafoni angapo ndipo ndiwo za kunyumba zapezeka. Foni ya mmisiri wa Loweruka ikafa, nayenso amapita komweko. Amaima pamzere mwakachetechete ndipo satchula kuti kunyumba kuli oscilloscope.

Phindu la mmisiriyu pakhomo ndi lovuta kuliyeza, ngakhale ndi mamita atatu. Ayironi yositira imene inasiya kutentha imauzidwa kuti ili pamzere. Wailesi ya apongozi inatsegulidwa, inayezedwa, ndipo masikuluwu ake anasungidwa pamalo abwino kwambiri oti palibe akuwakumbuka. Katundu akachuluka, tebulo lodyera limagawidwa pawiri ndipo banja limadyera ku mbali yotsalayo. Njira yothetsera vutoli ndi kukhoma mashelefu, ntchito imene imafuna makina obowolera khoma, levulo ndi macheka amagetsi. Zitatuzi mlembi anagula kale, ndipo pakali pano zikusowa poziika.