Katswiri woterereka wa ku Mitundu akungowonongeka

Kunja kuno kuli mayiko amene munthu akaterereka amamuombera m'manja, kumuponyera maluwa ndi zidole, kenako n'kumuveka mendulo. Limodzi mwa mayikowo ndi Estonia, kumpoto kwa Ulaya. Kumapeto kwa Januwale 2025, mtsikana wa kumeneko, Niina Petrõkina, anapambana mpikisano wa Ulaya yense wovina moterereka pa madzi oundana, mumzinda wakwawo wa Tallinn, ali ndi zaka 20 zokha. Anagonjetsa Anastasiia Gubanova wa ku Georgia ndi Nina Pinzarrone wa ku Belgium, n'kukhala munthu woyamba wa dziko lake kutenga golide pa mpikisanowo.

Nkhaniyi ine yandiwawa. Si nsanje ayi, ndikungofuna chilungamo. Estonia yense ali ndi anthu osakwana 1.4 miliyoni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Lilongwe, osawerengera mzinda, linali ndi anthu oposa 1.6 miliyoni, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi tonsefe timaterereka, mfumu ndi nyakwawa zake zomwe. Komabe Malawi sanatumizepo munthu ku Olimpiki ya nyengo yozizira. Luso likungowola m'matope a pakati pa Mitundu ndi Nathenje, ndipo mwini luso lalikulu ndine.

Malamulo a masewerawa anandifotokozera ndi mwana wa achemwali anga amene amaphunzira ku Bunda, akundionetsa kanema pa foni. Wosewera amavala nsapato yokhala ndi mpeni kunsi, wonenepa mamilimita 4 basi. Amavina kawiri: koyamba mphindi 2 ndi masekondi 40, kachiwiri mphindi 4. Amadumpha, kuzungulira katatu m'mwamba ngati nguli, n'kutera ndi mwendo umodzi akulowera chakumbuyo. Oweruza amakhala asanu ndi anayi, ndipo wosewera akagwa amamuchotsera pointi imodzi, kuphatikiza kumudula malikisi a kudumphako.

"Malume, izi si za aliyense," anatero mnyamatayo.

"Mwana iwe," ndinatero ine, "unandionapo ndikuchokera kumsika wa Mitundu mvula itangokata?"

Tiyeni tiyerekeze mopanda tsankho. Mtsikanayo bwalo lake n'losalala, amachita kulikonza ndi makina. Langa lili ndi maenje, ndowe, mbuzi, ndi wakabaza woliza belu kumbuyo. Iye amadziwiratu nthawi yodumpha, chifukwa nyimbo imamuuza. Ine ndimadumpha popanda chenjezo, miyendo yokha ndiye imapanga chiganizo. Iye m'manja mumakhala mopanda kanthu, ine ndimazungulira nditanyamula thireyi ya mazira, kuphazi kuli patapata woduka chingwe. Iye zikakwana mphindi 4 amakapuma, ine ndimavina kuchokera pamsika mpaka pakhomo.

Nanga za chilango? Pointi imodzi n'chiyani? Ine ndikagwa amandichotsera mazira, thalauza ndi ulemu. Akuti kumeneko wosewera akamaliza amakakhala pa benchi ndi mphunzitsi wake, atagwirana manja, kudikira malikisi. Oweruza anga ndi madoda osewera bawo pakhonde la golosale. Iwowo sadikira kompyuta. Ndisanadzuke n'komwe amakhala atagamula kale: "Pepani achimwene, koma ya dzana ija inali yabwino kuposa iyi."

Madandaulo onsewa ndinawatula kwa mayi a kunyumba, n'chiyembekezo choti andilimbitsa mtima. Iwo nkhani ya mtsikanayo anali ataimva kale kwa mnyamata yemwe uja, ndipo anaigwira bwino kuposa ine.

"Inu bambo, mwana wa eni akeyo amaterereka mwadala. Inu mumangopezeka muli pansi."

Kenako anayamba kundiwerengera. Niina anayamba kuvala nsapato za mpenizo ali kamwana. Cha m'ma 2020 anadwala nthenda yoopsa imene mafuta a m'mafupa amaleka kupanga magazi okwanira, moti anakhala nyengo yonse ya mipikisano osasewera. Atachira anabwerera, ndipo mu Okutobala 2023 anakhala wachitatu pa mpikisano waukulu wa Skate America. Mu Disembala chaka chomwecho anathyoka fupa la mwendo, mpikisano wa Ulaya wa 2024 n'kumupita. Kumeneko, ku Kaunas, mnzake wa dziko limodzi, Aleksandr Selevko, ndiye anatenga siliva. Chaka chotsatira golide anali m'khosi mwa Niina.

"Inuyo munangobinya chala chakuphazi, munagona mpaka tinamaliza kubandira. Mwana uja akagwa amadzuka n'kupitiriza kuvina. Inu mukagwa mumayamba mwakhala kaye pansi pomwepo kufufuza amene wakulodzani."

Apa mayiwa anaonjeza. Sikuti nthawi zonse ndimaloza afiti. Nthawi zina ndimaloza patapata, nthawi zina okonza misewu, nthawi zina mbuzi. Katswiri weniweni amafufuza mbali zonse. Ndipo za kubandirazo, aliyense akudziwa kuti wosewera wovulala sathamangira kubwerera m'bwalo, makamaka bwalo lake likakhala munda wa chimanga. Mayiwa anangoti walira mvula walira matope, n'kundipatsa ndowa kuti ndikachape ndekha thalauza.

Choncho ndikupempha akuluakulu a zamasewera ndi a zamisewu akhale pansi agwirizane chimodzi. Mwina atithirire miyala m'njira zathu kuti tiziyenda ngati anthu, apo ayi alembetse kuterereka kwa m'matope kukhala masewera ovomerezeka, likulu lake pa Nathenje. Inu owerenga, mukandipeza dzinja lino miyendo ili m'mwamba, musataye nthawi n'kuseka. Tolani kaye mazira otsala, kenako mundipatse malikisi.