Situdiyo Yachinsinsi ya ku Chisemphere

(Nkhuku zikulira. Nabanda akusankha fodya pakhonde.)

APHIRI: Odi kuno aneba! Siyani kaye fodyayo. Ndabwera ndi nkhani yoti ngakhale a MBC sanaimve.

NABANDA: Ngati mwabwera ndi jeke yanga, lowani. Ngati ndi nkhani chabe, ikhale panja pomwepo.

APHIRI: Ma Blacks ali ndi gulu lina lachinsinsi! Akujambula chimbale usiku, mobisa, konkuno ku Kasungu.

NABANDA: Anthu a ku Chileka asiye Blantyre yense, adzajambulire ku Chisemphere, komwe foni timakatchajitsa pa sola ya okala?

APHIRI: Chinsinsi amachibisa kopanda netiweki, mayi. Pa Facebook masamba a dzina lawo ndi mbwee, koma lenileni ndalipeza ndine. Ndikalemba moni, limayankha kuti "Jah bless, bwana Phiri."

NABANDA: Likukudziwani ndi dzina lomwe?

APHIRI: Nanga ndine munthu wamba? Evison Matafale atamwalira mu November 2001, ndinalira mpaka maso kutupa.

NABANDA: Munkalira ngongole ya feteleza inu. Tinalipo.

APHIRI: Taganizani bwino. Anthony Makondetsa amayenda nawo, koma zimbale ali nazo zakezake. Takudziwani ndi Paul Chokani anachoka n'kukadzutsa Wailing Brothers, gulu lomwe linaimbira Matafale pa Kuimba 1. Simukuona kuti pali kanthu?

NABANDA: Zonsezo zinachitika dzuwa likuswa mtengo, manyuzipepala analemba. Chinsinsi chili pati?

APHIRI: Nachi chithunzi cha situdiyo. Onani mizatiyo. Denga laudzu, kuti mawu asathawe.

NABANDA: Tabweretsani foniyo. Mbuzi iyi ikufunanji mu situdiyo?

APHIRI: Ndi ya mkaka. Arasta nyama sadya.

NABANDA: Mkaka wa tonde? Dikirani kaye. Khutu lodukali... ndowa yobookayi... A Phiri, ichi ndi chigafa changa!

APHIRI: Chanu?

NABANDA: Icho chili apocho! Mbuziyo ndi ija inakudyerani nazale chaka chatha.

APHIRI: (akuomba m'manja) Ayi, zikomo. Zaka zonsezi kumwera chitsime chimodzi, inu n'kumasunga Ma Blacks m'chigafa osandiuza!

NABANDA: Muli fodya mmenemo! Bale wokhawokha!

APHIRI: Ndiye kubisa kwake. Nanga angabwere atanyamula zikwangwani? N'chifukwa chake nyemba mumaphika mphika waukulu masiku ano. Anjiru amadya mitanda ingati?

NABANDA: Nyembazo ndi za aganyu osoka fodya.

APHIRI: Aganyu! Wamtali uja wovala chipewa choluka mpaka m'makutu, mukuti alibe madiredi?

NABANDA: Ali ndi dazi. Amaopa dzuwa.

APHIRI: Nanga besi gitala yomwe ndimaimva usiku, du-du-duuu, mpaka malata anga kunjenjemera?

NABANDA: Ndi abambo akunyumba amenewo. Amagona m'chigafa kulondera akuba, ndiye mkonono wawo mumaudziwa.

APHIRI: Iiih, ndiye aluso. Sasemphana ndi ng'oma ngakhale pang'ono. Analowa liti gululi?

NABANDA: Ambuye, ndichitireni chifundo. Tandiuzani chimodzi, simunatumize ndalama?

APHIRI: Pang'ono chabe. K15,000 ya chimbale chisanatuluke, ndi K5,000 ya zingwe za gitala. Pa Mpamba.

NABANDA: Ndalama ya mabele a ku Chinkhoma imeneyo! Tsamba la Facebook aliyense atha kutsegula, n'kuikapo dzina ndi chithunzi chomwe wafuna. Oimba akamabwera amalengeza pa wailesi, mapepala amamata m'mitengo, ndalama mumalipira pakhomo. Chikumbutso cha Matafale chimachitika ku Chileka mwezi wa November, anthu onse akuona. Musanatumize, muziyamba mwawerenga dzina la mwini nambala.

APHIRI: Ndinawerenga. Ndi manijala wawo wachinsinsi. Uthengawo nawu.

NABANDA: Yona Banda.

APHIRI: Mwaona? Mnyamata waulemu kwambiri.

NABANDA: Yona... Banda.

APHIRI: Mukumudziwa?

NABANDA: A Banda ndi ambiri m'Kasungu muno. Mukaponya mwala pa Nkhamenya mugenda Banda.

APHIRI: Zoona. Koma a Banda okhala ndi chithunzi cha mbuzi yanu ndi angati?

NABANDA: (akukuwa) Yona! Iwe Yona! Nsapato zatsopano zija unati wakupatsa ndani?

(Mapazi akuthamanga, chitseko cha kuseri chikumenyeka.)

APHIRI: Musamukalipire mwana. Umanijala ndi ntchito yolemetsa.

NABANDA: Wakuberani, a Phiri! Palibe gulu, palibe chimbale!

APHIRI: Ndiye mundibwezera K20,000 yanga?

NABANDA: Aaa, pamenepo tiyeni tione bwino. Inu munatumiza mwa kufuna kwanu. Mwinanso mwanayo ali nalodi gulu, ndingadziwe bwanji? Kusukulu ankaimba kwaya.

APHIRI: Basi, jeke ikhala kwathu mpaka chimbale chituluke. Ndipo usiku uno ndikubwera ndi mkeka. Muwauze abambo ayambe msanga, ndili ndi nyimbo yoti ndipemphe.