Mlonda wa makompyuta amene anabedwa ali maso

Mu Febuluwale 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera atauza aphungu ku Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti athyola makina opangira mapasipoti ndipo akufuna dipo, pa bawo pathu palibe amene anapukusa mutu kuposa ine. Pasipoti ndilibe. Sindinaifunsirepo, ndipo ulendo wanga wautali kwambiri unathera pa boda ya Mwanza, pamene ndinakaperekeza mlamu. Komabe nkhaniyo inandipweteka monga munthu wodziwa za chitetezo, pakuti ndinagwirapo ulonda zaka zisanu ndi chimodzi pa golosale ina, ndili ndi chibonga, tochi ndi chijasi cha pa kaunjika.

"Akanandifunsa ine," ndinatero, uku ndikutakata. Anzanga sanayankhe. Amandidziwa.

Maganizowo anakhala akundidya mpaka tsiku limene kunyumba kunabwera mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za chitetezo cha makompyuta ku MUST, ku Thyolo kuja. Titadya nsima ndinamukokera pakhonde n'kumuuza kuti ndaganiza zolowa ntchito yawoyo, chifukwa ndamva kuti akatswiri ake akusowa dziko lonse lapansi ndipo amalandira zonona.

"Amalume, kodi za kompyuta mumadziwapo chiyani?"

Ndinamuuza kuti ikavuta umaizimitsa n'kuiyatsanso. Anati pamenepo ndayamba bwino kuposa mabwana ambiri. Ndinakhala tsonga.

Kenako anayamba kutchula mapepala ofunika, ndipo mayina ake anali ngati a mankhwala a thonje. Woyamba kumene amalemba mayeso a Security+. Wofuna kuphunzira njira za akuba amatenga CEH. Palinso OSCP, imene amakupatsa makompyuta oti uthyole kwa maola pafupifupi 24, ukatha ulembenso lipoti la mmene walowera. Ndiye pali CISSP ya akuluakulu, imene samangokupatsa chifukwa wakhoza mayeso, amafunanso umboni woti wagwira ntchito ya chitetezo zaka zisanu. Apa ndinamudula. Zaka zisanu? Ine ndili nazo zisanu ndi chimodzi, china n'chapamwamba ngati basera.

Mnyamatayo sanaseke. Anati zoona, zitseko, maloko, mipanda ndi makamera zimaphunzitsidwa nawo, chifukwa wakuba akafika pa kompyuta yeniyeniyo ndi manja ake, zambiri zimakhala zatha kale. Mtima wanga unayamba kuvina. Kenako anafunsa chimene ndinasiyira ulonda uja.

Abale, mafunso ena si ofunsa malume ako. Chinachitika n'chakuti usiku wina wa mu Juni kunazizira kwambiri, ine ndinaganiza zopumitsa maso pang'ono pafupi ndi mbaula. Podzuka ndinapeza mabelo a shuga atapita, chitseko chili pululu, ndipo nsapato zimene ndinagona nditavala zinali zitatsagana nawo. Ndinakapereka lipoti kwa bwana ndili ndi masokosi okha. Choncho za maola 24 osaphethira zija ndinangozimeza ndi malovu. Mayesowo amalipiridwanso m'madola, ndipo mukudziwa nonse mmene madola amasowera kuno kwathu.

Ndinafunsa ngati palibe njira yachidule. Anandiuza za Marcus Hutchins, mnyamata wa ku England amene anadziphunzitsa yekha m'chipinda chake kwa makolo ake. Mu Meyi 2017, pulogalamu yoipa ya WannaCry itatseka makompyuta m'mayiko pafupifupi 150, kuphatikizapo a m'zipatala za ku Britain, iye ali ndi zaka 22 anaona kuti pulogalamuyo imayamba yafufuza adiresi inayake ya pa intaneti imene inalibe mwini. Anaigula ndi ndalama zosakwana madola 11, ndipo kufalikira kwake kunaima. Ndinawerengera m'mutu n'kupeza kuti madola 11 ndingawapeze nditagulitsa nkhuku zingapo. Mphwanga anati vuto si madolawo, vuto ndi zaka zimene mnyamatayo anatha akuwerenga zamkati mwa mapulogalamu kuti adziwe choti agule.

Ntchito yeniyeni ya tsiku ndi tsiku, anatero, si ya m'mafilimu ija ya munthu wovala chipewa chophimba nkhope akugogoda mabatani ngati akuimba ng'oma. Ambiri amayambira m'chipinda choyang'anira, kusinthana mashifiti usana ndi usiku, kupenya machenjezo mazanamazana amene ochuluka ake ndi galu wouwa mphaka. Koma uyenera kutuluka kukaona ulendo uliwonse, chifukwa tsiku limene udzati ndi mphaka yemwe uja ndi limene shuga adzapite. Ndinamuyang'ana kuti ndione ngati akundinena. Nkhope yake inali ya mwana wa kwaya.

Ntchito imene inandikoka mtima ndi ya anthu amene kampani imawalipira kuti ayese kuithyola, kenako aiuze pamene pali chiboo. Wakuba wa kalata ya chilolezo! Popanda kalatayo ndi mlandu, ndipo kuno kwathu lamulo lake lilipo, la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016. Anatchulanso Kevin Mitnick wa ku America, amene anagwidwa mu 1995, n'kukhala m'ndende zaka zisanu, potuluka makampani n'kumamulipira kuti awalangize. Chida chake chachikulu, akuti, chinali telefoni ndi pakamwa. Ankaimbira wogwira ntchito, n'kudzitchula kuti ndi mnzake wa ku ofesi ina, munthuyo n'kupereka yekha pasiwedi ndi manja awiri.

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinati azungu enanso ndi ogona. Ine munthu sangandipusitse chonchi, ndinakulira m'tauni.

"Ndiye mundipatse chilolezo, amalume, ndikuyeseni."

Tinabetcherana tambala wanga wofiira. Mboni anali mayi a kunyumba, amene ankasenda mbatata chapatali ngati sakumva.

Anayamba ndi PIN ya foni. Anangofunsa kuti pa nthawi ya referendamu ya 1993 ndinali ndi zaka zingati, ine n'kuyankha monyadira kuti 19, ndi nkhani ya mizere ya ovota ndinaifotokoza. Anadina 1974. Foni inatseguka ngati ikumudziwa. Ndinati imeneyo ndi mphumi chabe, ya ndalama za pafoni ndi ina, yovuta kwambiri.

"Ndi 4791," anatero mayi a kunyumba osadzutsa mutu. "Anangoitembenuza. Ya Facebook ili kuchikuto kwa buku la nyimbo."

Ndinakumbukira pomwepo ndalama zimene zakhala zikuchepa pang'onopang'ono m'foni mwanga zaka zonsezi, ine n'kumatukwana a netiweki, pamene ndiwo zapakhomo zikuoneka bwino. Ndinati zimenezo si kuthyola, ndi ukwati, ndipo tambala sapita.

Mawa lake masana foni inalira, nambala yachilendo. Mawu aulemu kwambiri, a munthu wa mphuno yotsekeka ndi chimfine, anandipatsa moni ponditchula dzina lonse ndi la bambo anga. Anati pali anthu akuyesa kulowa mu WhatsApp yanga, ndipo iwo a chitetezo akufuna kunditchinjiriza msanga. Ndinamva kukoma kuti akatswiri anzanga andizindikira. Anati anditumizira nambala zisanu ndi imodzi pa uthenga, ndingotsimikiza. Uthenga unafikadi. M'munsi mwake munalembedwa kuti nambalazi usauze munthu aliyense, koma ndinaona kuti mawuwo ndi a anthu wamba. Munthuyo anawerenga nambala zake, zonse zolakwika.

"Ayi, achimwene, mwaphonya," ndinatero. "Lembani bwino." Ndinamuwerengera imodziimodzi, kawiri, kuti asavutike.

Pasanathe mphindi, WhatsApp yanga inanditulutsa panja ngati mlendi wosalipira. Kuseri kwa khitchini kunatuluka mphwanga atagwira foni ya neba, dzanja lina likadali pamphuno. Gulu la mpingo linali litalandira kale uthenga wochokera kwa ine wolonjeza matumba awiri a simenti.

Madzulo, tikudya tambala uja, ndinafuna kudzitonthoza, ndiye ndinafunsa ngati akuba amenewa salakwitsa. Anati amalakwitsa. Mu 2016 anaba madola 81 miliyoni a banki yaikulu ya Bangladesh, koma madola ena 20 miliyoni opita ku Sri Lanka anaimitsidwa chifukwa akubawo analemba molakwika liwu limodzi la Chingerezi m'dzina la bungwe lolandira, wina ku banki ina n'kuima kaye kuti afunse. Anati luso lalikulu pa ntchitoyi ndi limenelo, kuona kanthu kakang'ono kosakhala bwino n'kukana kufulumira. Onse awiri tinatembenukira kwa mayi a kunyumba, amene amawerenga lisiti ya chigayo ngati kalata ya khoti ndipo sanatumizepo ngakhale tambala imodzi kwa anthu a "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Mphwanga anati azakhali akanapita kusukulu yake bwenzi pano akuphunzitsa. Za ine sananene kanthu, anangondipatsira chiwindi.

Asanabwerere ku Thyolo anandibwezera WhatsApp, anaikamo loko wachiwiri, n'kundilamula kuti ndisankhe PIN yatsopano ya ndalama za pafoni yosakhudzana ndi chaka chobadwa, cha ukwati kapena nambala ya nyumba. Ndinasankha yolimba zedi. Lachitatu ndinaiyesa katatu, akaunti inatsekedwa, ndipo ndinakaima pamzere theka la tsiku ndi chitupa changa cha unzika. Yatsopanoyo akusunga mayi a kunyumba, ine ndimachita kupempha.

Ndiye inu a mpingo, simenti ija sindinalonjeze ndine. Ndipo aliyense amene alandire uthenga wa nambala yanga wopempha ndalama, ayambe wandiimbira amve mawu anga. Ukafika pakati pa mwezi, ameneyo ndine ndithu, tumizani.