Alenje a Mapepala

Pa Fonte Boa pali mnyamata wina amene foni yake yadzaza ndi zithunzi za akatswiri owombera chandamale pa mipikisano ya mayiko. Akuti akuphunzira kaimidwe. Tsiku lina anaonetsa malume ake chithunzi cha Yusuf Dikeç wa ku Turkey, uja anatenga mendulo ya siliva pa masewera a Olympics a Paris 2024 ali ndi zaka 51, mfuti kudzanja limodzi, dzanja linalo lili phee m'thumba. "Malume, taonani. Dzanjali amalibisa kuti thupi lisagwedere." Malume anachiyang'anitsitsa n'kupukusa mutu. "Mphwanga, iwe sunayende. Ameneyu wangogulitsa kumene mbatata zake pa Ulongue."

Nkhani inamufika wojambula zithunzi zaukwati, uja amazungulira panjinga kamera ili m'khosi. Anamuuza kuti kumipikisanoko wojambula amakhala kumbuyo kwa owombera, salankhula, ndipo getsi la kamera saloledwa kuthwanimitsa. Iye anakwiya. "Ine ndijambule nkhongo ya munthu? Ndingapite kutsogolo kwake, ndimuuze ayang'ane kuno, amwetulire." Wina anafunsa, "Nanga mfuti ikalira muli pomwepo?" Mkuluyo sanachedwe kuyankha. "N'chifukwa chake ndimati munthu azilipiriratu."

Agogo ena, amene kale ankasautsa agwape ndi mfuti ya gogodela, anapempha kuti nawonso aone. Mdzukulu wawo anafotokoza bwinobwino kuti mfuti ya Dikeç ndi ya mpweya, munthu amaima mamita 10 kuchokera pa chandamale, kabwalo kapakati ndi mamilimita 11.5, ndipo amawombera ka 60 pa mphindi 75. Agogo anafunsa, "Zipolopolo 60, wapha chiyani?" Mdzukulu anati, "Palibe, agogo. Amangoboola chandamale." Agogo anafwenthera fodya, n'kukhala kaye chete. "Mkazi wa munthu ameneyu ndi wopirira."

Atamva kuti ku Paris komweko mu 1900 ankawombera nkhunda zenizeni, ndipo zinafa pafupifupi 300, agogo aja anadzuka pampando. "Mwaona! Azungu akale anali ndi nzeru. Nanga nsima anaphika ndani?"

Lero nkhunda zinapuma. Makina amaponya timbale tadothi m'mwamba, katswiri n'kumatiswa, timbale 125 asanafike n'komwe mu ndime yomaliza. Mayi wina wogulitsa kabichi m'mbali mwa msewu anaona chithunzi cha kambale kakuphulika, fumbi lili kobo. Anafunsa ngati woswayo amalipira. Atamuuza kuti amapatsidwa mendulo, anatembenukira mwana wake amene anaswa mphika m'mawa womwewo. "Pepa mwanawe, ndakukalipira pachabe. Kani ukukonzekera ulendo wa kunja?"

Mnyamata wathu uja anaona kuti a mfuti zazitali amavala jekete ndi thalauza zolimba gwa, zothandiza kuti thupi lisapepeluke. Anatenga chilona cha galimoto n'kupita nacho kwa telala. Telala anathyola singano, koma anasoka ndithu. Mnyamata anavala, nayenda ngati chitseko mpaka pa siteji, koma atafuna kukhala mu chapa, mawondo anakana kupinda. Kondakitala anamuzungulira, n'kumugogoda pamsana. "Achimwene, m'katimu ndi mwa anthu. Katundu timamanga pamwamba."

Ndiye pali bambo wina anamva kuti akatswiri enieni amagwira mpweya, n'kukoka chala pakati pa kugunda kuwiri kwa mtima. Anapita kumunda, nanyamula mpini wa khasu paphewa, naima njii pakati pa mizere, nauza mwana wake kuti amujambule kumanja, kumanzere ndi kumbuyo. Mayi a kunyumba anafika ndi thobwa. "Iwe, sunga batire la foniyo. Kaimidwe aka bambo ako anakadziwa chaka chimene tinakwatirana."

Mnzake wa bamboyo ndiye anakonda za diso. Anaona pa zithunzi kuti ambiri amaphimba diso limodzi ndi kachikopa kapena kapulasitiki, iye n'kuyamba kuyeserera potsinzina. Tsoka ilo, mkazi wake anamupeza akutsinzinira mkazi wa neba pa chigayo. "Mayi, musandiganizire zoipa, ndikuphunzira kuchalira." Koma mayiwo anali atamva kale za Matthew Emmons wa ku America, amene ku Athens mu 2004 ankatsogola bwinobwino, chipolopolo chomaliza n'kuwombera chandamale cha mnzake, golide n'kumupulumuka, iye kuthera pa nambala 8. Mayi anatula thumba la ufa pansi. "Pitirizani, bambo. Wa ku America ujanso anachalira cha mnzake."

Agogo a gogodela aja anabweranso atamva kuti Oscar Swahn wa ku Sweden anapata siliva ku Antwerp mu 1920 ali ndi zaka 72. Anawerenga zala, nabwerezanso. "Ndiye kuti ine ndangochedwa ndi zaka ziwiri. Mukadandiuza dzana."

Ku sukulu ina, aphunzitsi anakweza mbendera ya Mozambique, ija ili ndi buku, khasu ndi mfuti. Anafunsa ana kuti, "Mfuti tili nayo pa mbendera penipeni. Nanga bwanji golide wathu wa Olympics anabwera ndi wothamanga, Maria Mutola, pa mamita 800 ku Sydney mu 2000?" Kalasi yonse inangoti zii. Kenako kamtsikana kakumbuyo kanakweza mkono. "Aphunzitsi, nayenso anayamba wamva mfuti."

Ine chapa ya ku Ulongue yandiimira, ndipo kondakitala wake ndi yemwe uja. Mukandipeza pamwamba, musandijambule.