Nyanga ya nsatsi ya zitseko ziwiri

Makolo athu sanaionepo Toyota 86, koma ankaidziwa bwino. Ankati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Msatsi ndi mtengo wa dzina lokha: mkati muli mphako, thupi ndi lofewa, ukausema m'mawa pofika masana walefuka. Wamkulu amadziwa zonsezi, koma kutsutsana ndi mwana wolira n'kungotaya malovu. Umatenga mpeni, n'kusema.

Ana amene ndikunena pano ali ndi ndevu, ena dazi linayamba kale. Ali ku Japan, ku America ndi ku Ulaya, ndipo kwa zaka zambiri akhala akulirira chinthu chimodzi: kagalimoto kopepuka, ka zitseko ziwiri, kotsika ngati fulu, ka giya yosintha ndi dzanja, kosaboola thumba. Ndipo akafika pa mfundo yomaliza mawu amanjenjemera: mphamvu ya injini izipita ku matayala akumbuyo.

Apa ndiime pang'ono, poti ena tinakulira pa njinga. Timagalimoto tambiri tomwe timadziwa, monga Vitz ndi Passo, timakokedwa ndi matayala akutsogolo, ngati ngolo yotsata ng'ombe. Matayala omwewo ndiwo amakoka, omwewonso ndiwo amakhota. Kupanga galimoto yotere n'kotchipa ndipo mkati mumatsala malo ambiri. Inayo imakankhidwa kumbuyo ngati wilibala: akutsogolo ntchito yawo n'kuwongolera basi, akumbuyo ndiwo amakankha. Ukaponda mafuta kwambiri pokhota, thako la galimoto limatsetsereka n'kumafuna kupitirira mutu. Zimenezi ife si zachilendo. Aliyense amene anakwerapo minibasi ya Hiace m'msewu wa dothi mwezi wa Januwale anazilawa, ndipo amakumbukira mayi amene anayamba kutchula mayina a ana ake onse mmodzimmodzi. Ife timati tapulumuka. Ku Japan amati drift, ndipo amagula matayala atsopano kuti akachitenso mawa.

Kulira kumeneku kuli ndi gwero lake. Mu 1983 Toyota inasamutsira Corolla yake ku matayala akutsogolo, koma inasiya mitundu iwiri yaing'ono, Levin ndi Trueno, ikukankhidwabe kumbuyo. Pa mapepala ankailemba AE86, anyamata n'kumangoti hachi-roku, kutanthauza 8 ndi 6 m'chinenero chawo. Kanali kagalimoto wamba ka injini ya malita 1.6, ndipo kanasiya kupangidwa mu 1987. Koma achinyamata ankakwera nako m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri usiku, mmodzi mwa iwo Keiichi Tsuchiya, amene anadzatchuka mpaka kupatsidwa ufumu wa drift. Kenako mu 1995 Shuichi Shigeno anayamba kujambula nthano ya Initial D, ya mnyamata amene amadzuka mbandakucha kukapereka tofu, chakudya cha soya chomwe bambo ake amagulitsa, pa kagalimoto komweka. Taganizani: dziko lonse la okonda magalimoto kusirira mwana wotumidwa kukasiya oda. Pomwe Nissan inasiya kupanga Silvia mu 2002, chaka chomwechonso Supra ndi Mazda RX-7 zikugonekedwa, maliro anafika pachimake. M'magazini ndi m'mabwalo okambirana nyimbo inali imodzi: makampani atitaya, atipangire yotchipa aone mmene tigulire.

Wamkulu amene anatenga mpeni anali Akio Toyoda, mdzukulu wa amene anayambitsa kampani ya magalimotoyi, yemwe anakhala mkulu wake mu 2009 ndipo naye amakonda mipikisano. Anagwirizana ndi Subaru, ntchito n'kuipereka kwa injiniya Tetsuya Tada. Mu 2012 nyanga inatuluka, ili ndi mayina ambiri ngati mwana amene akuchimuna ndi akuchikazi sanamvane: Toyota 86 ku Japan, GT86 ku Ulaya, Scion FR-S ku America, ndi Subaru BRZ kulikonse. Onsewa anabadwira m'nyumba imodzi, m'fakitale ya Subaru ku Ota, m'chigawo cha Gunma. Injini ya malita 2, mphamvu ya mahatchi pafupifupi 200, mtengo ku America madola cha m'ma 25,000. Tada anachita kuipatsa dala matayala owonda, a mtundu womwe unkaikidwanso pa Prius, galimoto ya anthu odekha osunga mafuta, n'cholinga choti thako lizitsetsereka ngakhale usanafike pa liwiro lokakupereka kumanda. Olemba za magalimoto anaimba nthungululu. Magazini ya Top Gear inaisankha kukhala galimoto ya chaka cha 2012.

Mwana analandira nyanga, anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Ilibe turbo."

Anapitiriza kuti mphamvu ndi yochepa, ndipo pa maloboti galimoto ya amayi opita kukatenga ana ku sukulu ikhoza kumusiya. Anthu omwe aja ankalumbira kuti liwiro alibe nalo ntchito, chomwe akufuna n'kumva msewu m'manja, tsopano anayamba kuwerenga mahatchi ngati osunga khola. Oyamba anagula ndithu: mu 2013 ku America kunagulidwa ma FR-S opitirira 18,000. Kenako chiwerengero chinayamba kutsika chaka ndi chaka, dzina la Scion linathetsedwa mu 2016, ndipo pofika 2019 galimotoyi, itabatizidwanso kuti Toyota 86, sinafike ndi 4,000 pomwe. Chaka chomwecho, m'dziko lomwelo, kampani yomweyo inagulitsa ma RAV4 opitirira 400,000. RAV4 palibe amene anailirirapo. Palibe mnyamata amene anamata chithunzi chake pakhoma la kuchipinda. Imangogulidwa mwakachetechete ngati mchere.

Ndiye apa mwambi uja wapindika. Makolo ankati nyanga ifotere mwana. Koma mwana wa masiku ano ndi wochenjera: amalira, umamusemera, iye n'kupinda manja kumbuyo, nyanga n'kufotera wosema.

Sindikuti olirawo ndi abodza. Vuto lawo ndi la msinkhu. Pamene mtima ukufunitsitsa galimoto yotere, m'thumba mumakhala mphepo yokhayokha, ndipo a inshuwalansi akamva kuti mnyamata wa zaka 22 akufuna galimoto yotsetsereka dala, amatchula mtengo woti akaganize bwino. Pamene ndalama zabwera, zimabwera ndi anzake: mkazi, ana atatu, ngongole ya nyumba, ndi msana. Galimotoyi kuti ulowe umachita kugwada ngati ukupereka moni kwa apongozi, ndipo potuluka bondo limalankhula mokweza pamaso pa anthu. Mipando yakumbuyo ilipo, inde, monga mmene mawere a mwamuna aliri. Okonza ake sanabise cholinga chawo: anaonetsetsa kuti ukapinda mipandoyo mukwane matayala anayi opita nawo ku bwalo la mpikisano. Matayala anayi anawaganizira. Azakhali sanawaganizire.

Ndiye pali bodza lokoma limene aliyense wa iwo amadziuza: ndidikira zaka zitatu, ndidzagule yogwirapo kale ntchito mtengo utatsika. Nzeru yabwino, ikakhala ya munthu mmodzi. Koma mudzi wonse ukagwirizana kuti uzivala za kaunjika zokhazokha, pafunika wina kwinakwake amene agule malayawo ali atsopano. Ife izi timazidziwa kuposa aliyense, poti galimoto zathu zambiri zimayamba zatumikira munthu wina ku Japan zisanakwere sitima ya ku Dar es Salaam n'kudzalowera pa Songwe. Mjapani akapanda kugula Sienta yatsopano lero, ife zaka zikubwerazi tiyenda pansi. Okonda magalimoto a zitseko ziwiri onse anakhala pamzere wa kaunjika, kudikira belo limene palibe analimanga.

Makampani ena anaona n'kuphunzira. Hyundai inasiya Genesis Coupe mu 2016. Nissan inaonetsa kagalimoto kokongola kotchedwa IDx pa chionetsero cha ku Tokyo mu 2013, anthu anaomba m'manja mpaka kutupa, kampani n'kukabweza m'nyumba osakapanganso: kumuonetsa mwana chithunzi cha nyanga, mpeni uli m'thumba. Chevrolet Camaro ndi Dodge Challenger, zazikulu ndi zaphokoso za ku America, zonse zinatsazika kumapeto kwa 2023, n'kusiya Ford Mustang yokha pabwalo, yomwe itangotuluka mu 1964 inagulidwa yopitirira 400,000 m'chaka chimodzi. Koma chipongwe chenicheni anachita a Ford ku Ulaya. Capri inali galimoto ya zitseko ziwiri ya munthu wamba kuyambira 1969 mpaka 1986, ndipo anthu anailira zaka zambiri. Mu 2024 dzinalo linabwerera, litamatidwa pa chigalimoto chachitali chamagetsi chonyamula banja lonse. Zili ngati kupempha kuti mwana atchedwe dzina la agogo ake omwe anali mlenje woopsa, mwanayo n'kukula akuopa nkhuku.

Toyota ndi Subaru, mwina chifukwa cha khama, mwina chifukwa Toyoda naye ndi mwana wolira amene anangopezeka ali ndi mpeni, anasemanso ina mu 2021. Anaitcha GR86, injini anaikulitsa kufika malita 2.4, turbo osaikamo ndithu. Kenako kunamveka kuti ku Ulaya igulitsidwa zaka ziwiri zokha, chifukwa malamulo atsopano a chitetezo sadzailola kupitirira 2024. Mu 2022 atatsegula malonda ku Britain, magalimoto onse omwe dzikolo linapatsidwa anatha m'mphindi 90. Nthawi ya mpira umodzi. Anthu omwe aja ankati ilibe mphamvu, omwe aja ankati adikira, anathamanga ndi makadi a ku banki m'manja ngati amva kuti shuga akwera mawa. Zikuoneka kuti makolo anaiwala kutiuza mbali ina: mwana amaigwira nyanga mwamphamvu ukangonena kuti ukukaitaya.

Ndisanamizire kuti ine ndili pambali. Usiku wina ndinali chigonere, foni m'manja, ndikuyang'ana 86 yofiira ya 2013 pa tsamba lina la magalimoto a ku Japan. Ndinali nditawerengera kale msonkho, kawiri, poganiza kuti koyamba foni yalakwitsa. Ndinali nditaganiziranso mahampu a pamsewu wa kwathu, n'kupeza kuti ndikhoza kumawadutsa chopingasa, pang'onopang'ono, anthu a kabaza akundipitirira. Mayi a kunyumba anasuzumira.

"Abambo, zitseko zinazo zili kuti?"

Ndinawafotokozera za kulemera kwa galimoto, za misewu yokhotakhota ya m'mapiri, za mnyamata wa soya uja.

"Nanga tikapita kumudzi, thumba la chimanga lilowa pati?"

Ndinati mipando yakumbuyo imapindika, ndipo akatswiri a ku Japan anayeza okha kuti mumakwana matayala anayi.

"Ana adya matayalawo?" anatero, n'kutembenukira kukhoma. "Muzimitse foniyo, mawa muli ndi ulendo wa kuchigayo."