Ku Old Trafford odwala amachira akatuluka pageti

Manchester United inamaliza ligi ya 2024/25 ili pa nambala 15. Ligi ya ku England ili ndi matimu 20, ndipo atatu a kumunsi amatsitsidwa, ndiye wochemerera United wanzeru ankati akafuna kuona timu yake pafoni amayambira kuwerenga pansi kuti asawononge bandulo. Mapointi 42, zigoli 44 m'masewero 38, kugonja ka 18. Chitsikireni m'ligi yaikulu mu 1974, timuyi inali isanakhalepo pansi chonchi.

Mu Januwale 2025, Brighton itaikwapula 3-1 pakhomo pake pomwe, mphunzitsi Ruben Amorim anauza atolankhani kuti mwina iyi ndiyo timu yoipitsitsa m'mbiri yonse ya United. Ku vidiyo sho ya kwathu, ochemerera Arsenal ndi Liverpool anakhala chete tsiku limenelo, nkhope zili khuma. Wina atawafunsa chavuta n'chiyani, mmodzi anati: "Amwene, kochi wanuyo watilanda ntchito. Ife titukwane chiyani tsopano?"

Chiyembekezo chonse chinatsalira pa chikho cha Europa League. Pa 21 Meyi mumzinda wa Bilbao ku Spain, United, imene tsikulo inali pa nambala 16, inakumana m'ndime yotsiriza ndi Tottenham ya pa nambala 17. Tottenham inali isananyamule chikho chilichonse chiyambire 2008. Chigoli chimene chinathetsa mlandu mpaka lero anthu amakanganabe ngati anachinya ndi Brennan Johnson kapena mpira unangodzigubudukira utagunda Luke Shaw, koma chinalowa, ndipo kanali kachinayi Tottenham kugonjetsa United m'chaka chimodzi. Patapita milungu iwiri ndi masiku pang'ono, Tottenham inachotsa ntchito mphunzitsi amene anabweretsa chikhoyo, Ange Postecoglou. Wogonja uja ku Manchester anamuuza kuti akhale pansi alembe mayina a osewera amene akufuna amugulire.

* * *

Tsiku limene ndimalikonda kwambiri ndi 28 Meyi. Tsiku limeneli United inali ku Kuala Lumpur, dziko la Malaysia, kukasaka ndalama ndi masewero opimana mphamvu, ndipo inagonja 1-0 kwa ASEAN All-Stars, timu yongotolera osewera m'mayiko a kumeneko, anthu oti ena anali asanasewereko limodzi. Wochinya anali mnyamata wa ku Myanmar. Masapota amene analipira ndalama zawo kudzaona akatswiri a ku England anawakuwiza potuluka.

Usiku wa tsiku lomwelo, ku Wrocław m'dziko la Poland kunali ndime yotsiriza ya chikho china cha ku Ulaya, Conference League, pakati pa Chelsea ndi Real Betis. Ku Chelsea kunali Jadon Sancho. Ku Betis kunali Antony. Onse awiri anali osewera a Manchester United, ongobwereketsedwa chifukwa kwawo ankaoneka osathandiza. Chelsea inapambana 4-1, Sancho n'kuchinyako chimodzi. Mlamu wanga, amene magazi ake ndi ofiira kawiri, anandiimbira foni pakati pa usiku: "Alamu, mwaona? Wosewera wathu watenga chikho cha ku Ulaya!" Ndinawafunsa ngati chikhocho chikagona ku Manchester. Foni inaduka. Akuti mayunitsi anatha.

Sancho ameneyu United inamugula ku Borussia Dortmund mu 2021 pa mapaundi 73 miliyoni. Pomubwereka, Chelsea inasainira kuti chaka chikatha idzamugula. Chaka chitatha, inasankha kulipira chindapusa cha mapaundi 5 miliyoni kuti isamugule. Taganizani munthu wakubwerekani njinga atalonjeza kuti aigula pakutha pa mwezi, ndiye akubwera nayo akuikankha, n'kukupatsani ndalama m'manja ndi manja awiri, amvekere: "Pepani achimwene, landirani kangachepeka, koma njingayi itsale konkuno." Sancho anathera ku Aston Villa, pangongolenso.

* * *

Msika wa osewera utatsegulidwa, anyamata asanu anauzidwa kuti adzipezere kolowera: Marcus Rashford, Sancho, Antony, Alejandro Garnacho ndi Tyrell Malacia. Ku Carrington, kumene timu imachitira zokonzekera, ankaloledwa kufikako madzulo anzawo ataweruka. Malipiro ankalandira onse osadulidwa. Mlonda wa pa golosale ina kwathu kuno atamva nkhaniyi anavula chipewa: "Kulowa madzulo, kusaonana ndi bwana, malipiro athunthu? Bambo, funsani ngati kukufunika wachisanu ndi chimodzi. Tochi ndili nayo kale."

Vuto la kulengeza kuti katundu wina simukumufuna n'lakuti ogula nawonso ali ndi makutu. Matimu onse a ku Ulaya anangopinda manja kudikira masiku otsiriza a msika kuti mitengo igwe, ndipo inagwadi. Garnacho anapita ku Chelsea pa mapaundi 40 miliyoni. Antony, amene anagulidwa ku Ajax mu 2022 pa mapaundi oposa 80 miliyoni, anagulitsidwa ku Betis pa ndalama yosafika ngakhale 25 miliyoni.

Antony ku Manchester amakumbukiridwa ndi tsiku lina mu 2022, pamasewero ndi Sheriff Tiraspol, pamene anazungulira ndi mpira kawiri pamalo amodzi popanda womuthamangitsa, kenaka n'kuuponya kunja kwa bwalo. Munthu yemweyo atangofika ku Betis anayamba kuchinya zigoli zoti ukaziona umafunsa ngati ndi mapasa.

Za Rashford ndiye zinafika pena. Amorim ananena poyera kuti kuli bwino aike pabenchi mphunzitsi wa magoloboyi Jorge Vital, bambo wa zaka 63, kusiyana ndi wosewera amene sadzipereka tsiku ndi tsiku. Madala ena a pa bawo atamva anayamba kufunsa mtengo wa pasipoti. Rashford, mwana wobadwira mu Manchester momwemo, anakamalizira chaka ku Aston Villa, ndipo asanapeze n'komwe kopita, jezi yake ya nambala 10 inali itapatsidwa kale kwa mlendo Matheus Cunha. Anapita ku Barcelona pangongole. Mu Sepitembala anabwerera ku England ndi timu yake yatsopanoyo n'kuchinya zigoli ziwiri ku Newcastle mu Champions League. United usiku umenewo inali pakhomo. Nyengo yatsopanoyo ku Ulaya inalibeko masewero ngakhale amodzi.

Koma mfumu ya odwala ochira ndi Scott McTominay. Anakulira mu United kuyambira ali mwana, ndipo mu 2024 anamugulitsa ku Napoli pa mapaundi pafupifupi 25 miliyoni kuti mabuku a ndalama aoneke bwino. Patangopita masiku awiri United italira ku Bilbao, McTominay anadumpha m'malere n'kuchinya chigoli cha sizasi pamasewero ndi Cagliari, Napoli n'kutenga ligi ya ku Italy, iye n'kusankhidwa wosewera wopambana onse m'ligiyo. Munthu wapakati ameneyu anachinya zigoli 12 m'ligi. Omwetsa zigoli awiri amene United inatsala nawo, Rasmus Højlund ndi Joshua Zirkzee, anachinya 4 ndi 3. Phatikizani nokha. A Napoli, poona kuti sitolo imeneyi imagulitsa zabwino motchipa, anabweranso n'kubwereka Højlund.

Ine sindikhulupirira zoti ku Old Trafford anakwirirako kanthu, ngakhale alamu anga amalimbikira kuti pafunika kukumba pansi pa golo ya ku Stretford End. Wosewera akamalephera ndi aphunzitsi atatu pamalo amodzi n'kukachita bwino kulikonse kumene wapita, amene afunika kupimidwa magazi ndi amene amakhala m'maofesi a pamwamba.

* * *

A m'maofesiwo nawo sanagone. Sir Jim Ratcliffe, mwini kampani ya INEOS amene anagula gawo la timuyi n'kutenga chiwongolero cha za mpira mu 2024, anaona kuti ndalama zikutayika, ndipo anayamba kufufuza pamene pakudontha. Anapeza kuti ndi kukhitchini. Ogwira ntchito ku Old Trafford anawaletsa nkhomaliro yaulere n'kuwasiyira zipatso, pofuna kupulumutsa mapaundi pafupifupi 1 miliyoni pachaka. Anthu 250 anachotsedwa ntchito, kenaka kunalengezedwa kuti enanso mpaka 200 atsatira. Ngakhale Sir Alex Ferguson, amene anabweretsa zikho 13 za ligi, kontrakiti yake ya ukazembe wa timu inathetsedwa.

Akuluakulu omwewo anawonjezera kontrakiti ya mphunzitsi Erik ten Hag mu Julayi 2024, n'kumuchotsa mu Okutobala. Anavutikira miyezi kuti atenge Dan Ashworth ku Newcastle kudzakhala mkulu woona za mpira, n'kumutsanzika atagwira miyezi isanu. Kutsanzika Ten Hag ndi omuthandiza ake pamodzi ndi Ashworth kunadya mapaundi 14.5 miliyoni. Imeneyo ndi nkhomaliro ya zaka 14 ndi theka. Wolandira alendo pageti akudya apozi chifukwa mabwana anasintha maganizo.

Denga la Old Trafford linkadontha. Mu Meyi 2024, pamasewero ndi Arsenal, madzi ankatsika ngati mathithi anthu akujambula pafoni. Yankho la mabwana, mu Marichi 2025, linali kuonetsa zithunzi za bwalo latsopano lolowa anthu 100,000. Mmisiri wina wokhoma malata anandifunsa ngati ndili ndi nambala yawo, akuti iye angayambe ndi dengalo Lolemba.

Ndiye timu yosauka imeneyi inalowa mumsika n'kuwononga mapaundi oposa 200 miliyoni pa osewera atatu akutsogolo. Bryan Mbeumo wa ku Cameroon anachokera ku Brentford, kumene anachinya zigoli 20 m'ligi. Brentford inamaliza pa nambala 10, ndiye mnyamatayu anatsika masitepe asanu n'kumati wakwezedwa pantchito. Cunha anachokera ku Wolves ya pa nambala 16, imene inali ndi mapointi 42 omwewo, iyeyo ndiye anakweradi sitepe imodzi pa mtengo wa mapaundi 62.5 miliyoni. Wachitatu anali Benjamin Šeško wochokera ku RB Leipzig.

Kugula Cunha ine ndinakumvetsa. Pa 26 Disembala 2024 anamenya kona, mpira n'kulowa wokha m'golo ya United osakhudza munthu, André Onana akuuyang'ana. Sabata imodzi m'mbuyo mwake, Son Heung-min wa Tottenham anali atachita zomwezo kwa goloboyi winayo, Altay Bayındır. Magoloboyi awiri, makona awiri, masiku asanu ndi awiri. Njira ina inali yogula goloboyi. United inaona kuti chapafupi n'kugula womenya konayo kuti asadzabwerezenso.

Kaputeni Bruno Fernandes anapatsidwa mwayi wopita ku Al Hilal ya ku Saudi Arabia pa malipiro oti ukawamva umakhala pansi, koma anakana. Akazi a alamu anga, amene mpira satsatira, anamvetsera nkhaniyi akusenda mbatata ndipo anangoti: "Bambo a mwana, inu mukadzakana zoterezo musadzabwere kunyumba kuno."

* * *

Zida zatsopanozi zinakayesedwa m'masewero a chikho pa 27 Ogasiti 2025 ku Blundell Park, bwalo la Grimsby Town, timu ya m'ligi yachinayi yochokera m'tauni ya asodzi, imene masapota ake amapita ku mpira atanyamula nsomba zapulasitiki zopopa. Pofika pa mphindi 30, Grimsby inali patsogolo 2-0, chachiwiricho Onana atatuluka kukagwira mpira wam'mwamba n'kugwira mphepo. Mvula ikukhuthuka, makamera anaonetsa Amorim ali pabenchi akusuntha timaginito pa kabolodi kake. Wina mu vidiyo sho anakuwa: "Msiyeni, akutchova bawo!"

Mbeumo ndi Harry Maguire anabweza zigoli ziwirizo, nkhani n'kupita ku mapenate. Cunha wa 62.5 miliyoni uja anali ndi penate yoti akachinya athetse zonse, goloboyi anaigwira. Šeško, womwetsa zigoli wogulidwa pa mapaundi oposa 60 miliyoni, anamenya yake ali wa nambala 10, otchinga kumbuyo onse atamenya kale, kutangotsala goloboyi. Onana, amene usiku wonse mipira inkamudutsa, yake anachinya bwinobwino. Mndandanda unatha n'kuyambiranso, mpaka Mbeumo anawomba mtanda wa golo. Grimsby 12, United 11.

Pa tsiku lotsekera msika United inagula goloboyi, Senne Lammens wa ku Royal Antwerp, ndipo patapita masiku Onana anabwereketsedwa ku Trabzonspor ya ku Turkey.

Kenaka kunamveka kuti Grimsby inaseweretsa wosewera amene dzina lake linalembetsedwa mochedwa ndi mphindi imodzi ndi masekondi 59. Alamu anga anafika kunyumba m'mawa ali ndi jezi yofiira, akuti chilungamo chaoneka, timu yawo ibwezeretsedwa mumpikisano. Akuluakulu a ligi anangolipiritsa Grimsby mapaundi 20,000, zotsatira osazikhudza. Ndipo wosewera wosaloledwayo, Clarke Oduor wa ku Kenya, ndi yekhayo wa Grimsby amene anaphonya penate.

"Ndiye mukutanthauza kuti," anatero alamu akukhala pansi pang'onopang'ono, "wakubayo amathandiza ife?"